Bowa wophatikiza mu air fryer: nkhani yonse inali pa madzi

Mtima wanga tsopano wakhala pansi pa nkhani ya tibowa tophatikiza tchizi tija timapatsa alendo asanayambe chakudya chenicheni. Chimene chimatiwononga si tchizi, si mtundu wa makina, komanso si mphindi zimene mwatchera. Ndi madzi, ndipo madziwo sachokera kwina, ali m'bowa momwemo. Pa magalamu 100 a bowa woyera wa m'sitolo uja, oposa 90 ndi madzi okhaokha. Ndiye mukatenga kachipewa ka bowa kakawisi n'kukadzaza tchizi ndi nyenyeswa za buledi, mwaika zokoma zanu m'kachikho kamene kadzadze madzi kakangomva moto. Nkhani yake ndi yomweyi basi, koma kuti ilowe m'mutu inatenga nthawi.

Za kuthyola tsinde ndi kutenthetsa makina musanaikemo chakudya sindikhalitsapo, aliyense wofika pophika zimenezi akuzidziwa. Ndingotchula za kutsuka, poti anthu amakanganapo kwambiri. Kutsuka bowa mwachangu pampopi sikulakwa. Madzi amene amamwa pa kanthawi kameneko ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ali nawo kale. Mupukuteni aume kunja, kwatha. Mkangano umenewu umangotiiwalitsa kumene kuli vuto lenileni.

Dzina loti air fryer limasokoneza, chifukwa makinawa sakazinga. Pamwamba pali elementi yotentha, pamwamba pa elementiyo pali fani imene imakankhira mpweya wotentha pansi n'kuuzungulitsa. Ntchito yake ndi kuwamba ndi kuumitsa, ndipo imaumitsa pokhapo pamene mpweya ukufika. Malo onyowa sangatenthe kupitirira madigiri 100 mpaka madzi ake atatha, pamene kufiira kokoma kuja, kumene wasayansi wa ku France Louis Camille Maillard anafotokoza mu 1912, kumayenda bwino kuyambira cha m'ma 140 kupita m'mwamba. Tsono taonani kachipewa kogona chagada, kodzaza kale. Madzi akutuluka m'minofu yake n'kumasonkhana pansi pa dzenje, tchizi wavundikira pamwamba ngati chivundikiro cha poto, mpweya sungalowe. Pamwamba pakuwambika, m'kati mukubwata. Ikakwana mphindi 8 nyenyeswa zayamba kuda, koma mukanyamula kabowako kakudontha, m'mbale mwachita dziwe la madzi otuwa, ndipo woluma amapsa lilime ndi msuzi wa tchizi wosungunuka. Kuwonjezera mphindi kumangopsereza pamwamba. Kutsitsa moto kumangochedwetsa zomwezo.

Mankhwala ake ndi kugoneka tizipewa chafufumimba tisanaikidwe kalikonse, monga momwe timavundikirira makapu pa thandala kuti adonthe. Tengani magalamu 500 a bowa wa kukula masentimita 4 kapena 5, amakhala tizipewa 16 mpaka 20. Pakani kunja kwake mafuta ophikira okwana supuni imodzi yaikulu pa tonse, ndi burashi kapena ndi zala. Yalani m'basiketi dzenje litayang'ana pansi, osasanjikiza, pakati pake pazitsala mpata wolowa chala. Madigiri 180, mphindi 5. Mukakoka basiketi mupeza tizipewa tachepako, tadera m'mphepete, ndipo pansi pa thireyi pali madzi abulauni, masupuni awiri kapena atatu. Amenewo ndi madzi aja akanakhala pansi pa tchizi wanu. Tichotseni, tigonekeni chafufumimba chomwecho pa pepala la m'khitchini kwa mphindi 3, chifukwa timapitiriza kudontha tikamazizira. Mukatitembenuza msanga, madzi otsalawo abwerera m'dzenje.

Chimene chinandimasula pamenepa n'chakuti bowa saopa kuphikidwa kawiri. Masamba mukawaphika kawiri amasanduka phala, nyama imauma n'kulimba. Minofu ya bowa inamangidwa ndi chitin, chinthu chomwe chimapezekanso m'zikhungwa za ziwala ndi nkhanu, ndipo kutentha kwa m'khitchini sikuchisungunula. Ndiye kachipewa kamachepa koma sikaphwasuka. Mantha oti ndikamuwamba kaye adzafika polembuka alibe maziko.

Madzi a pa thireyi aja musataye. Kukoma kwambiri kwa bowa kuli mmenemo. Dulani matsinde onse tizidutswa ting'onoting'ono ngati mpunga, pamodzi ndi theka la anyezi wamng'ono. Sungunulani batala supuni imodzi yaikulu m'chiwaya, ikani anyezi afewe, kenako matsinde, kenako thirani madzi aja. Poyamba chiwaya chimalira mobwata, nthunzi ili tolotolo. Pakatha mphindi 8 kapena 10 kulirako kumasintha, kumayamba kuthetheka, ndipo mukakoka supuni pansi pa chiwaya njira yake imatsala youma, siitsekeka. Pamenepo ndi pamene muike adyo, mano awiri osinja, kwa theka la mphindi chabe, chifukwa adyo woikidwa koyambirira amapserera n'kuwawa. Ophika a ku France amatcha chosakaniza chouma chimenechi duxelles, ndipo akuti akhala akuchipanga kuyambira zaka za m'ma 1600. Mfundo yake ndi yomwe ija: chotsani madzi, kukoma kutsale. Matsinde aawisi oponyedwa m'tchizi ndi njira yachiwiri imene madzi amalowera, ndipo ambiri amatseka yoyamba n'kuiwala iyi.

Zikazizira, osati zikadali zotentha, sakanizani ndi tchizi wofewa wa cream cheese magalamu 100, tchizi wa cheddar wopala magalamu 30, nyenyeswa za buledi zouma masupuni awiri aakulu, parsley wodula, tsabola wakuda ndi mchere pang'ono. Mukasakaniza zotentha, tchizi amasungunukiratu m'mbale ndipo chosakanizacho sichiima m'kachipewa. Nyenyeswa za m'kati zili ndi ntchito yake, zimamwa timadzi totsala tisanafike pansi. Mchere chepetsani dzanja, cheddar ali nawo kale, komanso zonse zachepa ndi moto ndiye mcherewo umamveka kwambiri. Kachipewa kalikonse kalandire supuni ya tiyi yodzaza, mukanikize ndi chala kuti pansi pasatsale mphako, ndipo muunjike pakati osafika m'mphepete.

Nyenyeswa za pamwamba zili ndi vuto lakelake. Zouma, fani imaziulutsa, zina zimakamatira pa elementi n'kuyamba kufuka utsi wonunkha. Sakanizani masupuni awiri a nyenyeswa ndi supuni ya tiyi imodzi ya batala wosungunula mpaka zifanane ndi mchenga wonyowa, kenako muzikanikizire pa tchizi. Pepala lophikira nalonso musaliike lokha makina akutentha, limauluka n'kukagunda elementi, ndipo pamenepo ndi moto. Ngati mwaliika, likhale loboola ndipo chakudya chilipsinje. Ulendo wachiwiri tizipewa tigone chagada, madigiri 170, mphindi 5 kapena 6. Yang'anani pa mphindi 4, chifukwa m'makina aang'ono elementi imakhala pafupi kwambiri ndi chakudya ndipo pamwamba pamafiira msanga. Zikatuluka zipumule mphindi 3 kuti tchizi agwirane.

Wofuna kuikamo soseji kapena nyama yogaya aikazingiretu m'chiwaya mpaka ipse, akhe mafuta, kenako asakanize. Mphindi 6 sizingafikitse nyama yaiwisi pa madigiri 71 amene nyama yogaya ya ng'ombe kapena nkhumba imafuna pakati pake, ndipo ya nkhuku imafuna 74. Komanso nyama yaiwisi imatulutsa madzi ake, ndiye mwatsegula njira yachitatu.

Ine ndikuona kuti kugoneka chafufumimba kumaposa njira zina zonse zimene anthu amalangiza, ndipo sindichita nazo manyazi kunena choncho. Ena amati boolani pansi pa kachipewa ndi foloko. Madzi amatulukadi, koma tchizi naye amatsatira. Ena amati wonjezerani nyenyeswa, koma mapeto ake mukudya buledi wonyowa. Ena amati gulani bowa wabulauni chifukwa ngolimba. Ngolimbako pang'ono, inde, koma woyera, wabulauni ndi portobello wamkulu uja onse ndi mtundu umodzi, Agaricus bisporus, ndipo onse ndi matumba a madzi. Njira yogoneka chafufumimba yokha ndi imene imachotsa vuto m'malo molibisa. Ndikukhulupirira kuti tomato wophatikiza, mabilinganya ndi tsabola wobiriwira zonse zikufunika kuyamba chafufumimba, ndipo ndikanakhala mphunzitsi ndikanayambira pamenepa tsiku loyamba, mpeni usanagwiridwe.

Apa ndi pamene pamandipweteka ndi kaphunzitsidwe ka zophika. Timavidiyo ta pa intaneti, ngakhalenso aphunzitsi ena a m'makalasi, amangopereka manambala awiri, madigiri ndi mphindi, ngati kuti makina onse ndi ofanana ndipo bowa wogula lero ndi wofanana ndi wogona mu firiji masiku anayi. Wophunzira amatsatira bwinobwino, zimakanika, n'kumadziona ngati alibe dzanja. Akafunsa amauzidwa kuti yeseraninso. Ayeserenso ndi chiyani, poti bowa wa m'sitolo ndi cream cheese si zinthu zogula tsiku lililonse? Chiganizo chimodzi chokha, choti madzi a bowa alibe kothawira ngati mwamudzaza ali wamuwisi, chikanapulumutsa mapaketi ambiri. Ndikudziwa kuti nthawi ya kalasi imachepa ndipo silabasi imathamangitsa, koma kufotokoza chifukwa sikutenga mphindi ziwiri. Za nthawi ndivomere chimodzi: njira yanga imawonjezera mphindi pafupifupi 10, ndipo ngati basiketi ndi yaing'ono muphika maulendo anayi m'malo mwa awiri. Chimene chimathandiza n'chakuti ulendo woyamba ndi chosakaniza mungazipangiretu m'mawa, n'kuzisunga padera mu firiji, kudzaza n'kumadikira alendo atafika.

Bowa wa oyster amene alimi ambiri kwathu kuno amalima alibe dzenje, ndiye sangakhale kachikho, koma wodula n'kuumitsidwa m'chiwaya amakoma kwambiri m'kati. Chimodzimodzi manyame a nyengo ya dzinja, bola atsukidwe mchenga ndipo apse mokwanira m'chiwayamo, chifukwa mphindi 6 za kumapeto si zophikira bowa wakutchire.

Pamene sindinakhazikike ndi pa mchere wa ulendo woyamba. Kuwaza mchere m'dzenje musanagoneke tizipewa kumakoka madzi ambiri ndiponso msanga, zimene zikugwirizana ndi zonse ndanenazi. Koma tizipewato timachepa kwambiri, timakwinyika m'mphepete, ndipo malo oikamo tchizi amatsala ochepa. Popanda mchere timasunga maonekedwe, koma nthawi zina pansi pamatsalabe kachinyezi. Mwina yankho lili pa kukula kwa bowa, mchere kwa portobello amene amafuna mphindi 7 kapena 8 chafufumimba, ang'onoang'ono ayi. Mwinanso pali malire pamene kuumitsa kumayamba kulanda kufewa kuja kumene munthu amafuna akaluma bowa, ndipo ndikukayika ngati mphindi 5 zili mbali ino ya malirewo kapena zawoloka kale.