Sabata imodzi pagulu la WhatsApp la aphunzitsi a TP

Pagulu lothandiza aphunzitsi amene ali pa TP, nthawi yoyeserera kuphunzitsa m'kalasi asanamalize maphunziro a kukoleji, m'masukulu a kumidzi kuno ku Zomba, ntchito imayamba Lamulungu madzulo. Aliyense amajambula pulani ya phunziro limodzi n'kutumiza. Limodzi basi. Mukalola mapulani a sabata yonse, palibe amawerenga, ndipo bandulo imatha kusanache.

Sabata ino vuto linali lofanana m'mapulani ambiri. Munthu walemba kuti ana akhale m'magulu a anthu 5, chonsecho kalasi yake ya Sitandade 2 ili ndi ana oposa 100, okhala pansi, mabuku osakwana. Magulu 20 ungawayendere bwanji phunziro lisanathe? Ife oyang'anira gululi tinayankha ndi uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi, poti vidiyo imadya bandulo ndipo kumudzi imakana kutseguka. Ana agwire ntchito awiriawiri pomwe akhalapo, mawu owerenga alembedwe pamakatoni, powerengera agwiritse zitsekerero za mabotolo kapena timiyala. Ndi TALULAR yomwe ija anaphunzira kukoleji, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, kungoti ambiri amaikumbukira akamva kuti kukubwera woyendera.

Lachitatu kunabwera funso lochokera cha ku Malosa: ana ena a Sitandade 1 kwawo amalankhula Chiyao, mphunzitsi akalamula amangomuyang'ana. Pamafunso otere ife timayamba takhala chete kwa maola angapo. Wamkulu akayankha msanga, onse amangolemba kuti "Zikomo bwana", kukambirana kwathera pompo. Amene anayankha wofunsayo anali mnzake wa TP: mwanayo akhale pafupi ndi wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, mphunzitsi naye aphunzireko mawu ochepa olamulira m'Chiyao.

Lachinayi tinafufuta mauthenga awiri. Wina unali chithunzi choonetsa nkhope za ana, wina wodandaula za ahedi. Madandaulo otere amapita kuinibokosi, chifukwa zolembedwa pagulu zimajambulidwa n'kukafika kwa mwini wake, ndiye ubale ndi sukulu wawonongeka teremu yonse.

Lachisanu timaona amene sanalembepo kanthu. Kawirikawiri si ulesi. Wa kuseri kwa phiri, ngati ku Chingale, mwina netiweki amaipeza pachulu pokha, foni amakatchajitsa pamsika. Ameneyo timamuimbira ana akaweruka. Akapanda kupezeka, timadzera kwa ahedi kapena a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale a zoni yake, ndipo dzina lake limakhala loyamba pandandanda wa oyenderedwa sabata yamawa.