Za loko uja, imvani kwa mwini wake

Popeza ena mwayamba kale kuthira mchere nkhani ya Loweruka, yoti loko wapachitseko anandikhomera panja ndili mbulanda, bola ndinene ndekha. Choyamba sindinali mbulanda. Ndinali ndi thaulo. Zoti thaulolo linali laling'ono imeneyo ndi nkhani ina.

Loko uja ananditumizira ndi alamu anga aku Joni, wodina manambala ngati foni, ukadina kamota kamalira zzzz m'katimo chitsulo nkulowa chokha mufelemu. Ndinkanyada naye heve, mlendo akabwera ndinkachita kumutulutsanso panja kuti aone akutseka. Ndinamutchera kuti azidzikhoma yekha pakatha masekondi 30 chifukwa madam amaiwalaiwala kukhoma. Lero amene akuseka kwambiri ndi madam omwewo.

Ndiye madam apita kuchinkhoswe, ine ndangotuluka m'bafa, mvula yayamba, ndakumbuka kuti shati yoyera yakutchalitchi ili pachingwe. Liwiro. Ndili mkati molimbana ndi mapegi ndangomva kumbuyoku zzzz, khotcho!

Sindinatekeseke, nambala ndikuidziwa. Ndadina. Kamota kalira ngati kamphaka konyowa, zz... z... kagetsi kofiira phethi phethi, basi. Ndadinanso, chimodzimodzi. Apa chala chayamba kunjenjemera ndikulakwitsa manambala kambirimbiri mpaka loko wanyanyala, magetsi onse thimu, chifukwa zinthuzi ukalakwitsa motsatizana zimakuyesa wakuba zimayamba zakhala kaye chete kwa kanthawi.

Abale ndinagogoda. Nyumba yanga yomwe, lendi ndimalipira ndine, ndikudziwa bwinobwino kuti mulibe munthu, koma ndinati odi. Kawiri. Kachiwiriko ndinachita kutsitsa mawu mwaulemu ngati ndabwera kudzapempha mchere. Kenako ndinayamba kumunyengerera lokoyo, ndinamukumbutsa mmene ndinkamupukutira ndi kansalu, mmene ndinamutetezera apongozi atanena kuti mpiringidzo sunalephereko ntchito. Iye duu. Foni ili m'nyumba, kiyi wa sipeya ali m'nyumba, mukatoni momwe anabwerera, ndinamusunga bwino kuti asasowe. Mawindo ndi aja ndinamuuza ndekha wowotcherera kuti zitsulo zithinane mwana asalowetse ndi mutu womwe.

Nditazizidwa ndinavala shati ija yonyowa, mabatani mpaka pakhosi. Kumtunda mkulu wampingo, kumunsi thaulo ndi patapata. Ndi mmene anandipezera amayi akuseri kwathu ndi ambulera yawo.

“Mwaswera bwanji abambo?” Akupereka moniyo maso ali kumitambo.

“Ndaswera bwino amayi, kaya inu.”

“Mukupitidwa mphepo?”

“Eee, m'nyumbamu mwatentha.”

Mvula ikukhuthuka choncho.

Pano ndidziteteze pang'ono. Inde lokoyo anakhala akulira bii bii ndi kagetsi kofiira kwa masabata awiri, koma ndani anandiuza kuti ndiye kuti mabatire akutha? Ine ndimayesa akundilonjera. Komanso mabatire anayi a AA ndinaikamo ndithu, kungoti anali otchipa aja a mutochi, pomwe kamotako kamafuna a alkaline. Kabuku kake kanali ndi zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere, inu mukanawerenga?

Anandipulumutsa ndi mwana wa amayi aja, wa Fomu 2. Wangosuzumira pansi pa manambala nkundionetsa timadontho tiwiri tachitsulo, akuti ankolo apa mumagunditsa kabatire ka 9V, kamakona anayi kaja, loko amadzuka. Kabatire kameneko Loweruka masana kumvula ukapeza kuti? Mwayi wake bambo ake ndi amene amasunga maikolofoni yakutchalitchi kwawo. Anachotsa mmenemo.

Wagunditsa, magetsi ngwee, ndadina nambala, kamota kalira ndi mphamvu zake zonse kenako krrr, kaima. Kani mavuto anali awiri. Chitseko chathabwa chija chafufuma ndi mvula, ndiye chitsulo chapanikizika pabowo la felemu, kamota kakulephera kuchikoka. Mwana uja akuti ankolo kokerani chitseko kwa inu kwinaku mukudina.

Tiwerengere limodzi. Batire dzanja limodzi, wagwira mwana. Manambala dzanja limodzi. Chogwirira chitseko dzanja limodzi. Nanga thaulo agwira ndani? Ndinayang'ana mwana, mwana anayang'ana mayi ake, mayi ake anatembenuka nkuyamba kuyamikira masamba a maungu anga. Ndinalipana ndi chigongono, ndakoka, ndadina, zzzz khotcho, chatseguka. Amene mukufalitsa kuti linagwa mukunama, linangotsetsereka pang'ono mbali imodzi, ndipo nthawi imeneyo mwendo umodzi unali utalowa kale m'nyumba.

Lolemba anabwera kalipentala, wapala chitseko pang'ono, wakuza bowo lija ndi fayilo, nkundiletsa kuthiramo mafuta ophikira omwe ndinali nditatenga kale kukhitchini. Zodzikhoma yekha ndinazimitsa, kiyi wa sipeya akusunga amayi akuseri, amene mpaka pano amandipatsa moni akuyang'ana kumwamba.

Kabatire kaja tinabwezera m'maikolofoni momwemo. Ndamva kuti Lamulungu inazima pakati pa zolengeza, koma zimenezo sindinaliko ine.