Za ndowa ija ya ku Chianti

Popeza achemwali aika kale chithunzicho pa WhatsApp ya kubanja, ndipo ena mwayamba kunditcha Bambo Ndowa, lekani ndifotokoze ndekha. Inde, wagwada pachithunzipo ndine. Ayi, sindinaledzere. Ndinali ndisanalawe n'dontho lomwe.

Alamu anga ndi Mtaliyana, kwawo ndi kufupi ndi tauni ya Greve in Chianti, kumapiri a pakati pa Firenze ndi Siena. Anatitengera kumunda wa mphesa kuti tikalawe vinyo wofiira wa kwawoko, Chianti Classico. Pabotolo pali tambala wakuda. Ine kungomuona ndinacheuka kuti mwina a Kongeresi anatsegulanso nthambi kuno. Alamu akuti tambalayo amasonyeza kuti vinyoyo ndi wa dera lomwelo, limene malire ake anawalemba koyamba mu 1716 wolamulira wawo Cosimo III, ndipo m'botolomo mphesa za Sangiovese zisachepere 80 pa 100.

Patebulo panali matambula, buledi wawo wopanda mchere uja, tchizi cha mkaka wa nkhosa, jagi ya madzi ndi kandowa kachitsulo. Tsopano ndiuzeni inu amene mukuseka: mwana woleredwa bwino akaona jagi ndi ndowa pambali pa chakudya, amatani? Bambo awo a alamu akhala apo, imvi zili mbuu, palibe wowasambitsa m'manja. Ndinanyamula zonse ziwiri, n'kugwada.

"Sambani, bambo."

Madalawo anandiyang'ana mwachikondi. Anazunguza tambula. Analowetsa mphuno yonse m'menemo. Anapsontha pang'ono, n'kuyamba kuchukucha, tsaya ili, tsaya ilo, maso ali kudenga. Ine ndili chigwadire, jagi m'mwamba, kudikira manja. Anachukuchabe. Mkono unayamba kunjenjemera. Kenako anawerama mwaulemu wonse n'kulavula m'ndowa yanga, thuu!

"Grazie," anatero.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikukana kuti sizinachitike. Koma panali alendo a ku Germany, basi yonse, amene anaganiza kuti ndi ntchito yanga. Anandandalika pamzere. Aliyense chukuchuku, thuu, kumwetulira, wotsatira. Kudzuka ndikanadzuka bwanji munthu wamkulu ali m'kati molavula? Mayi wina anandiika 2 euro m'thumba la shati. Achemwali, m'malo mondilanditsa, anali kufuna poima pabwino pojambulira.

Pambuyo pake ndi pamene alamu akundiuza kuti polawa vinyo anthu amalavula kuti asaledzere asanafike pa botolo lomaliza, ndipo madzi aja ndi otsukira tambula. Zimenezi akananena pageti. Ndiponso ndani kwathu kuno anaonapo munthu akulavula chakumwa chogula?

Nditakhala pansi ndinalawa wangawo, ndipo ndinameza. Ndi wowawasa, alamu akuti ngati zipatso za cherry, koma chimene ndinamva ine ndi m'kamwa kuuma gwa, ngati ndatafuna nthochi yosapsa. Akuti zimachokera ku makoko a mphesazo. Wa Riserva, amene amamusunga miyezi yosachepera 24 asanagulitsidwe, ndiye anandimata lilime kunkhama. Ndinati vinyo ameneyu n'zoona ngolavula.

Maganizo anasintha chakudya chitabwera. Pasta wa mphanthimphanthi, pappardelle, wothira msuzi wa nguluwe. Kenako bistecca alla fiorentina, chinthuli cha ng'ombe chokhuthala zala zitatu, chowotcha pamakala, m'kati muli psuu. Ukaluma nyama yonona ija n'kutsatiza vinyo, kuuma kuja kumatha, mafuta amachoka palilime, umafuna kulumanso. Pamenepo ndiye ndinawamvetsa. Ndinangopempha kuti yangayo aibwezere pamoto ipse bwino, ndipo wophika anatuluka kudzaona amene wanena zimenezo. Atazindikira kuti ndi wa ndowa uja, anabwerera osayankhula.

2 euro ija ndinati ndigulire botolo la madzi pabwalo la ndege. Sinakwane.