Vuto la m'thupi ndi ulumali si chinthu chimodzi

Ambirife tikaona munthu akuyenda pa njinga ya olumala timafulumira kuganiza kuti nkhani yonse yagona pa miyendo yake, koma anthu omenyera ufulu wa anthu aulumali amasiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi vuto la m'thupi lenilenilo, monga mwendo umene unapuwala ndi poliyo, khutu losamva kapena diso losaona bwino. Chachiwiri ndi ulumali, umene umayamba pamene munthuyo wakumana ndi masitepe, malamulo ndi maganizo a anthu zimene zikumutsekera njira.

Ganizoli linakhwimira ku Britain, kumene gulu la anthu aulumali lotchedwa UPIAS linafalitsa mfundo zake mu 1976, ndipo Mike Oliver, mphunzitsi amene nayenso ankayenda pa njinga ya olumala, analimveketsa bwino mu 1983. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, limene dziko la Malawi linavomereza mu 2009, limatsamira pa ganizo lomweli.

Kusiyanaku kumaoneka bwino m'kalasi. Ana ambiri achialubino saona patali, ndipo limenelo ndi vuto la m'thupi. Koma mwana wotere akamukhazika kumbuyo m'kalasi yodzaza, pamene mphunzitsi akulemba timalemba tating'onoting'ono pa bolodi lofufuma ndi choko, mwanayo amatha chaka chonse akukopera m'kope la mnzake, kenaka amalephera mayeso n'kuyamba kutchedwa mbuli. Mphunzitsi wina akangomukhazika kutsogolo ndi kumulembera zilembo zikuluzikulu, mwana yemweyo amakhoza, chonsecho maso ake sanasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chinkamulepheretsa chinali mpando umene anapatsidwa.

Komabe ine sindigwirizana ndi amene amalankhula ngati thupi lilibe mlandu uliwonse. Ngakhale anthu onse atasiya tsankho lero, dzuwa lidzapitirizabe kuwotcha khungu la mwana uja, ndipo popanda chipewa chotambalala ndi mafuta oteteza khungu akhoza kudwala khansa. Ululu wa msana nawonso sutha chifukwa choti masitepe achotsedwa. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'ndondomeko yake ya mu 2001 yofotokoza za umoyo ndi ulumali, limayang'ana thupi, zochita za munthu ndi malo amene akukhala, zonse pamodzi.

Phindu la kusiyanitsaku ndi lakuti timadziwa woyenera kufunsidwa. Vuto la m'thupi limafuna dokotala, mankhwala, ndodo kapena magalasi, pamene ulumali umafunsa womanga nyumba, wokonza bajeti ndi wolemba anthu ntchito. Munthu wosamva akapita kuchipatala n'kupeza kuti palibe womasulira chinenero chamanja, amakakamizika kufotokoza matenda achinsinsi kudzera mwa mlamu wake kapena mwana wake, ndipo ena amangosankha kukhala kunyumba. Vuto limeneli silingathe ndi kuyeza makutu a wodwalayo, koma ndi ndalama zophunzitsira ndi kulipira omasulira.