Sabata ya mzamba: amayi obwera ndi chipsera

Lolemba ku sikelo kunadzaza monga mwa masiku onse. Chiyambire pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti mayi woyembekezera azionedwa kasanu ndi katatu, m'malo mwa kanayi, mzere sutha msanga. Pakati pa amayiwo panali wina amene anatumizidwa kuchokera ku chipatala chaching'ono chifukwa mwana wake woyamba anabadwa pa opaleshoni. Mimba inali ya masabata 36. Nditamufunsa chifukwa chimene anamuchitira opaleshoniyo, anangoti, "Kaya, anamwino. Anangondiuza kuti tiyeni ku fiyeta."

Yankho limeneli ndi limene limandipweteka kwambiri pa ntchito yathu. Mayi wakhala zaka zitatu ndi chipsera pamimba osadziwa kuti chinabwera bwanji, ndiye poti sanauzidwe, anadzipezera yekha chifukwa: akuti thupi lake ndi lolephera. Kumudzi nakonso sanamuthandize. Ena ankati ndi waulesi, sanafune kukankha. Ena ankanong'ona zija zakale zoti matenda akatalika ndiye kuti pali amene anayenda njira zachibwana. Mwana anabadwa wamoyo, aliyense ankamuuza kuti athokoze Mulungu, choncho analibenso poyambira kunena kuti mumtima muli bala.

Lachiwiri tinafufuza m'buku lake lakale la kuchipatala, long'ambika m'mphepete. Zinalembedwamo: mwana anagona mopingasa. Ndinamufotokozera kuti mwana wogona choncho palibe mayi angamubereke, kaya akhale wamphamvu bwanji, ndipo vuto lotere silichita kubwereranso pa mimba iliyonse. Wa ulendo uno mutu unali pansi. Analira, koma kenako anayamba kufunsa mafunso, chinthu chimene dzulo lake sanachite.

Zoona zake n'zakuti mayi amene anachitidwa opaleshoni kamodzi, chiberekero chinadulidwa chopingasa m'munsi, ndipo padutsa zaka ziwiri kapena kuposerapo, akhoza kuyesa kuchira mwachibadwa. Mwa amayi 4 oyesa, pafupifupi 3 zimawayendera. Choopsa n'chakuti chipsera chija chikhoza kuphulika, zomwe zimachitika kwa mayi mmodzi mwa 200. Chiwerengerochi chimaoneka chochepa, koma zikachitika magazi amataika mofulumira ndipo mwana amatha kufa m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake sitilola kuti achilire kunyumba kapena ku chipatala chopanda fiyeta. Tinamusunga ku chidikiro.

Lachitatu ntchito inali ya apongozi ake, amene anabwera ngati gadiyani. M'chikwama mwawo munali botolo la mwanamphepo. Sindinawakalipire, poti iwo anachilira ana awo kwa azamba akumudzi ndipo amakhulupirira kuti akuthandiza. Ndinangowauza kuti, "Amayi, mankhwala awa amalimbitsa matenda mopitirira muyeso. Chiberekero cha mpongozi wanu chili ngati nsalu yosokedwa. Mukaikoka mwamphamvu imang'ambikira pa msoko." Anandipatsa botolo lija okha. (Kaya panalibe lina, zimenezo ndi za iwo ndi Mulungu wawo.)

Sitinayembekeze kuti zichitika msanga, koma Lachinayi usiku matenda anayamba. Tinamuika dilipi, tinaonetsetsa kuti magazi a gulu lake alipo, ndipo a kiliniko ofisa anadziwitsidwa. Mtima wa mwana tinkaumvera pafupipafupi, kuyang'ananso ngati mayi akutaya magazi kapena akumva ululu wosalekeza pa chipsera. Chilichonse chimene ndinkachita ndinkamuuza: njira yatseguka masentimita 6, tsopano 8. Atafika pa 10 anakankha, mwana wamkazi n'kubadwa m'bandakucha. Poti mwanayo anabadwa masiku ake asanakwane, tinamuika pachifuwa cha mayi ake kuti afundidwe.

Lachisanu kunabwera wina wa zipsera ziwiri, nayenso wofunitsitsa kuchira yekha atamva nkhani ya mnzake ku chidikiro. Uyu sizikanatheka. Tinakhala pansi ndi mwamuna wake, ndinawauza chifukwa chake mosabisa, tinagwirizana tsiku la opaleshoni, ndipo tinakambirana za kulera, poti zipsera zikamachuluka nsengwa imatha kumera molakwika pa mimba zotsatira. Mayiyo anafunsa ngati adzamuone mwana akangobadwa. Ndinamuuza kuti ngati zonse zili bwino amubaya jakisoni wa pamsana, adzakhala ali maso, ndipo pempho lakelo ndinalilemba mu fayilo kuti a ku fiyeta aliwerenge.