Sabata ya ma Boas Festas pa wailesi yathu

Ine ndimagwira ntchito pa wailesi ya m'dera kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndimaulutsa mapologalamu a Chinyanja, koma ikangofika Disembala ntchito yanga yeniyeni imasanduka yomasulira mauthenga a atsogoleri. Aliyense amafuna kuthokoza anthu ndi kuwafunira Khrisimasi yabwino, zomwe m'Chipwitikizi amati Boas Festas, a boma, a khonsolo, ma deputado (aphungu) ochokera kuno, alembi a zipani, onsewo. Amalemba m'Chipwitikizi, nde ine ndi amene ndimaima pakati kuti agogo amene akupalira chimanga ku Dómuè kawailesi kali pamzere amve zomwe zanenedwa.

Lolemba pa 22 ndinapeza mapepala 9 patebulo, ena anabwera pa WhatsApp ngati zithunzi zojambula mopendekeka moti umachita kukulitsa ndi zala kuti uwerenge. Pafupifupi onse anayamba ndi zaka 50 za ufulu, poti 2025 ndi chaka chimene takwanitsa zakazo kuchokera pa 25 Juni 1975, izo sizinandivute. Za tsiku lenilenilo ndimasamala pang'ono, chifukwa kuno kwathu pa 25 Disembala pa kalendala ya boma ndi Dia da Família, tsiku la banja, ndipo sionse otimvera amene amapita kutchalitchi, alipo Asilamu, alipo a Gule. Nde wolembayo akaika zonse ziwiri ndimanena zonse ziwiri, Khrisimasi yabwino komanso tsiku labwino la banja, sindidumpha.

Chimene chinandidyera tsiku lonse ndi liwu limodzi, resiliência. Linali m'mapepala 6 mwa 9 aja, akuti tikuthokoza anthu chifukwa cha resiliência yawo. Mawu oyandikira ndi kupirira, koma tayesani kunena pa mayikolofoni kuti tikukuthokozani chifukwa cha kupirira kwanu, mwezi uno umene nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi ndipo munthu wagulitsa mbuzi kuti apeze thumba limodzi la feteleza. M'Chinyanja zimamveka ngati ukumuuza kuti pitiriza kuvutika, wazolowera kale. Ndinakambirana ndi achimwene amene amagwira makina, iwo amati ingoikani kulimba mtima, ine ndimati kulimba mtima ndi kwa pamaliro. Mapeto ake ndinalemba kuti tikuthokoza kuti simunagwe ulesi ngakhale chaka chinali cholemera. Sizofanana ndendende ndi pepala, ndikudziwa, koma ndi zomwe munthu angathe kulandira osapsa mtima.

Apa mpamene ndimaona kusiyana kwa zilankhulo ziwirizi. M'Chipwitikizi ukhoza kuthokoza população yonse, kutanthauza anthu onse, ndi chiganizo chimodzi chosalala nkumveka bwino. Kwathu kuno zikomo amafuna mwini wake ndi chifukwa chake. Ukapita kukathokoza apongozi sumangoti zikomo pa zonse nkutembenuka, umakhala pansi, umawomba m'manja, umatchula kuti nyemba zija munatitumizira zinatifika. Nde uthenga ukakhala wopanda dzina la mudzi, wopanda chinthu chimodzi chogwirika, ndikaumasulira umatuluka wopepuka ngati gaga, ndipo mlandu umaoneka ngati wanga womasulirane.

Lachiwiri pa 23 mtima unali wolemera mu situdiyo ngakhale palibe anatchula. Tsiku ngati lomweli mu 2024 tinali titaunjikana pa foni imodzi kumvera Conselho Constitucional, khoti lotsimikiza zotsatira za zisankho, ikulengeza zotsatira za chisankho cha pa 9 Okutobala, ndipo zipolowe zomwe zinatsatira m'dziko muno tonse tikuzikumbuka, Khrisimasi ija anthu ambiri anaidyera m'nyumba ndi mantha. Choncho mawu oti mtendere ndi kugwirizananso amene anali m'mauthenga ambiri chaka chino sindinawathamangire, ndinawerenga pang'onopang'ono, chifukwa amenewo ndi mawu amene anthu akuwafunadi, kaya achokere ku chipani chiti.

Madzulo ake mlembi wa chipani china anandiimbira atakwiya, akuti bwanji uthenga wawo waulutsidwa pambuyo pa wa anzawo ndipo bwanji wafupika. Ndinawafotokozera kuti abambo, ife timatsata amene wayamba kubweretsa, ndipo aliyense ali ndi mphindi 3, sitiwonjezera sitichotsera, zanu zinali masamba awiri odzaza maudindo a anthu nde ndinasiya maudindowo nkusunga uthengawo. Sanakhutire, anadula foni. Zinandiwawa ndithu chifukwa kope lolembamo nthawi lili poyera, aliyense akhoza kubwera kudzaliona, ndipo chinthu chimene timachiteteza kwambiri pawailesi yaing'ono ngati yathuyi ndi choti wa chipani chilichonse azitsegula osaganiza kuti tagulidwa.

Koma Lachitatu ndi limene ndikufuna kukamba. Mvula inagwa usiku wonse, ndipo cha m'ma 9 koloko panafika bambo wina wachikulire pa njinga yamoto, ndi membala wa Assembleia, nyumba ya aphungu a chigawo, buluku lili matope mpaka m'mawondo, pepala lake lili mu jumbo mkati mwa jekete. Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire ndikamasulire, iwo anati ayi mwanawanga, ndilankhula ndekha, anthuwa ndinawapempha voti m'Chinyanja nde ndiwathokozenso m'Chinyanja. Anavula nsapato pakhomo la situdiyo osauzidwa. Atakhala, pepala lija analiika chafufumimba pa tebulo, sanaliyang'anenso.

Anayamba ndi kupereka ulemu kwa mafumu ndi anyakwawa, kenako anathokoza amayi a mudzi wina kumtunda uko amene anatuta mchenga pamutu masabata atatu kuti chipinda cha sukulu chithe, anathokoza anyamata a njinga amene amanyamula odwala usiku kupita nawo kuchipatala msewu ukaduka, anathokoza alimi a mbatatesi ndi nyemba amene katundu wawo amadyetsa anthu mpaka mu mzinda wa Tete. Kenako anangoti zii kwa kanthawi, ine mpaka ndinayang'ana achimwene kuti kapena makina aima. Nde anati, za mlatho uja ndinakulonjezani sizinatheke chaka chino, ana anu akuwolokabe m'madzi, ndapepesa, nkhaniyo ndinaipereka ndipo ndikaifunsanso misonkhano ikayamba, mudzandifunse mu Malichi. Anamaliza ndi kuti amene ali ndi nkhuku aitane amene alibe. Zonse pamodzi mphindi 2 ndi theka, sanafike nkomwe pa 3 paja.

Ine tsitsi linachita kundiima. Zaka zonse ndakhala pa mpando umenewu sindinamvepo mtsogoleri akuika kupepesa mkati mwa Boas Festas. Titangoulutsa masana mafoni anayamba, bambo wina wa kufupi ndi malire ku Calómuè anati amayi, ameneyo ndiye walankhula ndi ife, mubwerezenso madzulo akazi anga anali kumunda. Mayi wina anaimba kuti iye anali m'gulu la otuta mchenga aja ndipo samadziwa kuti alipo anaona. Analiponso amene anati kupepesa sikumanga mlatho, ndipo naye ndinamusiya amalize, chifukwa akunena zoona, mwana wake ndi amene amanyowa yunifolomu.

Pa 25 ndinagwira m'mawa mpaka 12. Tsiku limenelo mauthenga a akuluakulu timangobwereza ojambula kale, nthawi yambiri ndi ya anthu wamba, wina ali ku migodi ya malasha ku Moatize akupereka moni kwa mayi ake ku Tsangano, wina ali ku Joni akuti ndalama ndatumiza pa M-Pesa mugule mpunga ndi mafuta, wina ali tsidya ilo la Dedza akufunira zabwino azakhali ake poti malirewa anangodutsa pakati pa mabanja. Amenewo safuna womasulira, ndimangowerenga mmene alembera. Ndinafika kunyumba mpunga utazizira koma ana anandisungira chiwindi.

Lachisanu mapepala a Chaka Chatsopano anali atayamba kale kubwera, ndipo loyamba lomwe resiliência uja analimo. Ulendo uno ndinaimbira mlembi wa ofesi imene inatumizayo, ndinati achimwene, tandithandizani, abwana akuthokoza ndani kwenikweni ndipo pa chiyani, mundipatse ngakhale midzi iwiri ndi ntchito imodzi ndiikemo. Anadabwa kaye, kenako anati adzafunsa ndipo andiyankha Lolemba. Ndisanatseke situdiyo ndinatsegula kope la mapologalamu pa tsamba la Malichi nkulemba ndi bolopeni yofiira kuti tidzaitane bambo aja adzatiuze za mlatho, ndinalembanso nambala ya mayi wotuta mchenga uja kuti tsikulo adzafunse yekha.