Mlandu wa Shirur Mutt ukundisowetsa tulo

Abale, sabata yonseyi ndakhala ndikuwerenga za mlandu wina waku India wa 1954 ndipo mutu wanga sukuchokapo. Mu tauni ya Udupi kuli nyumba 8 za amonke achihindu zomwe anayambitsa mphunzitsi wachihindu Madhvacharya, amazitcha matha kapena mutt, ndipo atsogoleri ake amasinthana zaka ziwiri zilizonse kuyang'anira kachisi wa mulungu wawo Krishna. Imodzi mwa izo ndi Shirur.

Ndiye boma la Madras, dera lomwe Udupi inali pansi pake nthawi imeneyo, linati ndalama za pa Shirur sizikuyenda bwino, likufuna kuikapo dongosolo lake loyendetsera chuma, mtsogoleri wake Lakshmindra Thirtha anakana mpaka nkhani inakafika ku Supreme Court, majaji 7. Chomwe chandigwira mtima ndi m'mene anagamulira, anati boma litha kuyang'anira katundu ndi makobidi koma za mapemphero, miyambo ndi nsembe zimenezo mwini wake ndi chipembedzocho, ndipo lamulo lolanda ulamuliro wonse m'manja mwa eni ake silololedwa. Anakananso zoti bwana wa boma azingolowa paliponse mpaka malo opatulika. Ngakhale ndalama yosapitirira 5 peresenti ya zomwe matha amapeza, yomwe boma linkadula pachaka, anati ndi msonkho ndithu, boma la Madras linalibe mphamvu youika.

Koma ine pamene pakundivuta mpakuti ndalama ndi mwambo zimasiyanirana pati? Mpunga wa nsembe umagulidwa ndi ndalama zomwezo. Mu 2021 Shirur yomweyo inabwereranso kukhoti atasankha mnyamata wa zaka 16 kukhala mtsogoleri, khoti lalikulu la Karnataka, dera lomwe kuli Udupi masiku ano, linakana kulowererapo.